Clopas, Mbale wa Yosefe Woyera: Kulondola Munthu Woiwalika m'Banja la Ambuye

Mwa anthu onse a m'banja la Ambuye athu Yesu Kristu, palibe amene Malembo Oyera adamtchula mothamanga ngati Clopas. Dzina lake lipezeka kamodzi kokha m'Chipangano Chatsopano, ndipo ngakhale pamenepo alitchula pofuna kusiyanitsa Maria wina ndi anzake amene adaimirira pafupi ndi mtanda (Yoh. 19:25). M'Chigriki Yohane adangolemba kuti mayiyo adali wa Clopas, osanena kuti mkazi, mwana kapena mayi wake, ngakhale omasulira ambiri amva kuti adali mkazi wake. Komabe tikalondola bwino mapazi a munthu ameneyu m'zolembedwa zakale, atifikitsa pa mafunso awiri aakulu: kodi "abale a Ambuye" adali yani, ndipo kodi magazi ali ndi malo otani pa utsogoleri wa Eklezia?

Tikayamba ndi mndandanda wa makolo a Yesu, Clopas sitimpezamo. Mateyo ndi Luka alondola mzere umodzi, kuchokera kwa bambo kufika kwa mwana, ndipo nthambi zambiri za m'mbali azisiya. Ndiponso awiriwa asiyana pa dzina la bambo wa Yosefe: Mateyo ati Yakobo (1:16), Luka ati Eli (3:23). Julius Africanus, polembera Aristides m'zaka za m'ma 200, adayesa kulunzanitsa maina awiriwa ndi mwambo umene ife tikhoza kuufanizira ndi chokolo. Adati Eli ndi Yakobo adali ana a mayi mmodzi koma abambo osiyana. Eli atamwalira wopanda mwana, Yakobo adalowa m'nyumba mwake nabala Yosefe, amene pa lamulo adawerengedwa mwana wa malemuyo. Africanus adati zimenezi zidachokera kwa achibale a Yesu okhala m'midzi ya Nazarete ndi Cochaba, amene adasunga maina a makolo awo pamtima, pakuti mfumu Herode adatentha mabuku a mibadwo. Nkhani ya kutenthayi tiyenera kuilandira mochenjera, popeza Josephus, amene adabadwa Herode atafa kale, anena kuti mzere wa makolo ake adaupeza m'mabuku a boma. Chofunika kwa ife nchakuti banja la Yesu lidadziwa mibadwo yake ndipo linkaifotokozera ena.

Mboni yathu yaikulu ndi Hegesippus, mkristu wa kum'mawa amene adafika ku Roma pa nthawi ya Papa Anicetus, nalemba mabuku asanu a zikumbutso chapafupi ndi chaka cha 180. Mabukuwo adatayika, koma Eusebius wa ku Caesarea adasunga zidutswa zake m'mbiri ya Eklezia imene adalemba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 300. M'zidutswa zimenezi timva zinthu ziwiri: kuti Clopas adali mbale wa Yosefe, ndi kuti adali ndi mwana dzina lake Symeon.

Umboni umenewu uthandiza kumasula mfundo ya pa Yoh. 19:25. Ena powerenga ndimeyi amva kuti Maria wa Clopas ndiye amene atchedwa mbale wa amayi a Yesu, ndipo adabwa kuti banja limodzi lingatche bwanji ana aakazi awiri dzina lomwelo. Koma ngati Clopas ndi Yosefe adali pachibale, ndiye kuti Maria awiriwa adali akazi okwatiwa m'nyumba imodzi, ndipo kuwatcha abale sikudabwitsa. Ngati ali yemweyo amene Marko amtcha mayi wa Yakobo wamng'ono ndi Yose (15:40), ndiye kuti maina awiri mwa anayi a "abale a Ambuye" (Mk. 6:3) apezeka m'nyumba ya Clopas. Jerome, potsutsa Helvidius chapafupi ndi chaka cha 383, adaphunzitsa kuti abalewo adali ana a Maria winayo. Epiphanius adati adali ana a Yosefe mwa mkazi woyamba. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 500, anenanso kuti Yakobo ndi Yosefe adali ana a Maria wina. Ambiri aganizanso kuti Cleopas wa pa njira ya ku Emau (Lk. 24:18) ndi Clopas yemweyu, popeza Ayuda ankatenga dzina lachigriki lomveka mofanana ndi lakwawo, maganizo amenewa ngokoma, koma atsamira pa kufanana kwa maina kokha.

Pano chilankhulo chathu chitithandiza kuposa zilankhulo za ku Ulaya. Kwa ife mbale wa bambo ndi bambo ndithu, wamkulu kapena wamng'ono. Mkazi wake ndi mayi. Ana ake ndi abale ndi alongo athu. Msuweni ndi mwana wa malume kapena wa azakhali, amene nthabwala ndi ukwati ziloledwa naye. Tsono wansembe amene aphunzitsa akristu kuti Symeon adali msuweni wa Yesu wamasulira Chingerezi, koma wasokoneza chibale. Pa Chichewa Symeon adali mbale wa Yesu, ndipo agogo a kumudzi sangaone chovuta pamenepo. Komabe tisathamange kunena kuti mlandu watha, pakuti Hegesippus yemweyo atcha Yakobo mbale wa Ambuye, pamene kwa Symeon agwiritsa liwu lina lachigriki, anepsios. Tikumbukirenso kuti Ayuda ankawerenga fuko kuchimuna. Kwa Achewa mwini mbumba ndi malume. Kwa Ayuda udindo wosamala nyumba ya Yosefe ukadagwera abale ake aamuna onga Clopas.

Mbiri ya mwana wake ndiyo idalembedwa mokwanira. Yakobo, mtsogoleri wa Eklezia ya ku Yerusalemu, adaphedwa m'chaka cha 62, ndipo mzindawo udapasulidwa ndi Aroma mu 70. Hegesippus ati onse adasankha Symeon kulowa m'malo mwa Yakobo chifukwa adali wachibale wa Ambuye, ndipo aonjeza kuti munthu wina, Thebuthis, poona kuti sadamsankhe, adayamba kufesa ziphunzitso zopotoka. Amene adaonapo mikangano ya ufumu m'midzi mwathu sadabwa nazo. Symeon adatsogolera mpaka pa ulamuliro wa Trajan (98-117), pamene adamneneza kuti ngwa fuko la Davide ndiponso mkristu. Adazunzidwa masiku ambiri pamaso pa bwanamkubwa Atticus, napachikidwa pa mtanda. Hegesippus ati adali ndi zaka 120, chiwerengero chofanana ndi zaka za Mose, chimene mwina chionetsa ulemu koposa kuwerenga kwenikweni. Chibale chimene chidampatsa mpando ndicho chidampatsanso mtanda.

Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo akristu oyamba sadachinyoze. Komabe sichidasanduke lamulo la Eklezia. Eusebius awerenga maepiskopi 15 a mtundu wa Ayuda ku Yerusalemu mpaka nkhondo imene idatha mu 135, ndipo pambuyo pake mpandowo udapita kwa Marcus, munthu wa mtundu wina. Hegesippus yemwe, pofuna kutsimikiza chiphunzitso choona, adalondola mndandanda wa maepiskopi olowana m'malo, osati wa makolo ndi ana. Ambuye adaneneratu kuti mbale wao ndi yense wochita kufuna kwa Mulungu (Mk. 3:35). Ife amene tisunga mabuku a ubatizo m'maparishi, ndiponso amene abale athu ayembekeza kuti unsembe wathu uwapatse malo apatsogolo, tiphunzire ziwiri kwa banja la Clopas: kulemba maina mosamala, pakuti dzina limodzi lolembedwa bwino lidasunga nthambi yonse ya banja la Ambuye, ndi kukumbutsa abale athu kuti Maria wa Clopas atchulidwa mu Mthenga Wabwino chifukwa adaima pafupi ndi mtanda.