Tom Blake ndi Matabwa a Mfumu Paki

Pakatikati pa nyanja yaikulu ya mchere yotchedwa Pacific pali zilumba za Hawaii. Mafunde amene amafika pamagombe a zilumbazi amachokera kutali kwambiri, ndipo akayandikira kumtunda amadzuka ngati khoma, nayenda kamtunda ndithu asanasweke. Kuyambira kalekale anthu a kumeneko adaphunzira kukwera mafunde amenewa. Munthu amagona chafufumimba pathabwa lalitali, napalasa ndi manja kulowera kwakuya. Akaona funde labwino likudza amatembenuka, napalasa mwamphamvu, ndipo fundelo likamunyamula amaimirira pathabwapo, nayenda nalo mpaka kugombe.

Omvera athu, nkhani ya lero ndi ya thabwa limeneli, ndiponso ya munthu mmodzi amene adalikonda koposa, a Tom Blake a ku America. Thabwa lopepuka limene lafala m'maiko ambiri masiku ano, lomwenso lapulumutsa anthu ochuluka amene akadamira, chiyambi chake chili pantchito yooneka yonyozeka imene bambo ameneyu adagwira, yopala utoto pamatabwa akale amene anthu adali atawaiwala.

Kasemedwe ka makolo

Kwa anthu akale a ku Hawaii, kusema thabwa idali ntchito yaulemu ndi yamwambo. Mmisiri akasankha mtengo, ankapereka nsembe ya nsomba yofiira patsinde pake asanaugwetse. Mitengo imene ankaikonda ndi ya koa, ulu ndi wiliwili. Ankasema ndi kasemasema wamwala, kenaka n'kupala ndi miyala yokhakhala ya m'nyanja mpaka thabwalo litasalala. Akatero ankalidetsa ndi madzi a mizu kapena a makungwa, nalipaka mafuta a mtedza wa mtengo wa kukui kuti madzi asamalowe m'kati.

Padali thabwa lopyapyala lotchedwa alaia, limene anthu wamba ankakwera, ndiponso lina lalitali ndi lochindikala lotchedwa olo, limene lidali la mafumu okhaokha. Mwini thabwa akavuuka m'madzi sankangoliponya pamchenga. Ankaliumitsa, nalipakanso mafuta, nalikulunga m'nsalu ya makungwa yonga chiwondo, kenaka n'kulipachika m'nyumba. Thabwa losamalidwa chomwechi linkakhala zaka zambiri.

Zinthu zidasintha azungu atayamba kufika. Captain James Cook adakocheza pazilumbazi m'chaka cha 1778. Mu 1819 malamulo akale a chipembedzo cha makolo adathetsedwa, ndipo chaka chotsatira kudafika amishoni ochokera ku America, amene ambiri mwa iwo ankaona masewera a m'madziwa ngati kutaya nthawi. Matenda achilendo nawo adapulula anthu, kotero kuti pofika 1896 eni dziko adatsala osakwana 40,000. Okwera mafunde adachepa, amisiri adatha, ndipo kasemedwe ka olo kadaiwalika.

Masewerawa adatsitsimukanso kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 pagombe la Waikiki, mumzinda wa Honolulu. Wotchuka mwa anyamata a pagombelo adali Duke Kahanamoku, katswiri wosambira amene adapata mendulo yagolide pamasewera a Olimpiki ku Stockholm mu 1912. Koma matabwa a nthawi imeneyo adali zipika chabe za mtengo wa redwood, zolemera kwambiri, zoti mwana kapena munthu wochepa mphamvu sakadatha kuzinyamula yekha.

Mwana wamasiye wa ku Wisconsin

Tom Blake adabadwa m'chaka cha 1902 mumzinda wa Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin, kutali zedi ndi nyanja ya mchere. Mayi ake adamwalira iye asanakwanitse chaka, ndipo adaleredwa ndi achibale. Mu 1920, ali mnyamata wongoyendayenda, adakumana ndi Duke Kahanamoku mumzinda wa Detroit, nagwirana naye chanza. Kuyambira pamenepo mtima wake udali pamadzi. Adapita ku California, nadzipereka pakusambira, ndipo mu 1922 adapambana mpikisano wa dziko lonse wosambira mamailosi 10. Ku Hawaii adafikako koyamba mu 1924.

Ku Honolulu kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Bishop Museum, imene idakhazikitsidwa mu 1889 pokumbukira mayi wa banja lachifumu, Bernice Pauahi Bishop. Bambo a mayi ameneyu adali Mfumu Abner Paki, amene adamwalira mu 1855, munthu wodziwika pakukwera mafunde. Matabwa a olo a mfumuyi adali panyumba imeneyi, koma adali atakutidwa ndi utoto wakale, osaonekanso maonekedwe ake enieni. Lalikulu mwa iwo lidali lotalika pafupifupi mamita 5, lolemera makilogalamu oposa 70. Anthu ena ankakayika ngati munthu adakwerapodi mafunde pachimtengo chotero.

Mu 1926 a Blake adapatsidwa chilolezo chokonza matabwawa. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku ndi tsiku iwo ankapala utotowo pang'onopang'ono, kuopa kuvulaza mtengo, mpaka thabwa lenileni lidaonekera, pamodzi ndi zigamba zakale zosonyeza kuti mwini wake ankalikonza likaonongeka. Popala chomwecho manja awo adaphunzira zimene maso okha sakadaona: kuti thabwalo lidali lokhuthala pakati, lopyapyala m'mbali, lobulungira pamwamba ndi pansi pomwe. Adazindikira kuti amisiri akale ankadziwa bwino zimene ankachita. Thabwa lalitali ndi lopapatiza limathamanga popalasa, ndipo limagwira funde lidakali kutali lisanadzuke.

Thabwa la mphako

Atatha ntchito ija, a Blake adafuna kukhala ndi olo wawowawo. Adasema lina la mtengo wa redwood, lotalika mamita 4 ndi theka, koma kulemera kwake kudawasautsa. Tsono adatenga chiboolero naboola mabowo mazanamazana m'thabwa lonselo, kenaka n'kumata matabwa opyapyala pamwamba ndi pansi. Thabwalo lidatsala ndi makilogalamu ngati 45. Anyamata a pa Waikiki ankaliseka, namalifanizira ndi ndudu yaikulu ya fodya, koma kuseka kudatha ataona liwiro lake. Mu 1928 a Blake adapambana mpikisano waukulu wa okwera mafunde pa Corona del Mar ku California.

Sadalekere pomwepo. Adayamba kukumba mphako m'kati mwa thabwa, ndipo pambuyo pake adaleka kusema chipika, nayamba kumanga thabwa monga momwe amamangira phiko la ndege: nthiti zamatabwa m'kati, chikopa cha thabwa lopyapyala kunja. Kulemera kudatsika kufika pafupifupi theka la matabwa akale aja. Mu 1932 boma la America lidawapatsa chikalata chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lawo, ndipo chaka chomwecho adapalasa thabwa lawo kuchokera kugombe la California mpaka pachilumba cha Catalina, mtunda woposa makilomita 40, m'maola osakwana 6.

Chimene chidawakankha kuchita ulendo woopsawu ndi nkhani ya moyo wa anthu. Mu 1925 bwato la asodzi lidagubuduzika ndi mafunde pa Corona del Mar pomwe paja, ndipo Duke Kahanamoku adapulumutsa anthu 8 powatengera kumtunda pathabwa lake. A Blake, amene nawonso adagwirapo ntchito yolondera osambira m'magombe, ankafuna kuonetsa kuti thabwa lopepuka lingafike msanga pamene munthu akumira kuposa wosambira kapena bwato lopalasa. Posakhalitsa alonda a m'magombe adayamba kugwiritsa ntchito matabwa a mphako, ndipo mpaka lero thabwa ndi chimodzi mwa zida zawo zodalirika. Mu 1937 magazini ya Popular Mechanics idasindikiza ndondomeko ya kamangidwe kake, kotero kuti aliyense wodziwa ukalipentala akadatha kudzipangira lake kunyumba.

Thabwa la mphako lidali ndi chisamaliro chakechake. Madzi ankalowa m'molumikizira, choncho linkakhala ndi kabowo kotseka ndi chitsekerero. Mwini wake akavuuka ankaliimika, natsegula kabowoko kuti madzi atuluke ndi kuti m'kati muume. Ankalipakanso vanishi kawirikawiri. Waulesi thabwa lake linkalemera ndi madzi, n'kuwola m'kati iye osadziwa.

Chipsepse

Vuto lina lidali lokhota. Matabwa onse, kuyambira a makolo aja, adali osalala pansi, ndipo pafunde lotsetsereka kumbuyo kwa thabwa kunkaterereka cham'mbali, wokwerayo n'kugwa. Pofuna kukhota, munthu ankaviika phazi limodzi m'madzi. Mu 1935, ali ku Waikiki, a Blake adachotsa kachitsulo pansi pa bwato lainjini lotayidwa, nakakhomera pansi pa thabwa lawo chakumbuyo, ngati chipsepse cha nsomba. Thabwalo lidayamba kuyenda mowongoka ndi kumvera mwini wake. Anzawo adazengereza kutengera nzeruyi, ena poopa kuti kachitsuloko kangawacheke, ndipo padapita zaka zingapo isanafale. Lero chipsepse chili pafupifupi pathabwa lililonse. Chaka chomwecho a Blake adatulutsa buku lotchedwa Hawaiian Surfboard, momwe adalembamo mbiri ndi kasemedwe ka matabwa a makolo.

Amene adatsata pambuyo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, amisiri adapeza zipangizo zatsopano. A Bob Simmons a ku California ndi anzawo ankasema mtengo wopepuka wa balsa, naukuta ndi nsalu ya ulusi wagalasi yonyika mu utomoni umene umauma gwa. Cha m'ma 1958 a Hobie Alter ndi a Gordon Clark adayamba kuumba matabwa ndi pulasitiki wopepuka wonga thovu louma, amene amasemeka mosavuta. Mu 1967 a Bob McTavish a ku Australia ndi anzawo adafupikitsa thabwa kuti lizikhota msanga, ndipo mu 1981 a Simon Anderson, a ku Australia komweko, adapambana mipikisano ikuluikulu pathabwa la zipsepse zitatu, limene ambiri amakwera mpaka pano. Thabwa la katswiri masiku ano limalemera makilogalamu ngati atatu okha.

Ngakhale zipangizo zidasintha chomwechi, ubale wa mmisiri ndi wokwera udakhalabe monga kale. Wofuna thabwa lakelake amapita kwa mmisiri, ndipo mmisiriyo amayamba wafunsa msinkhu wake, kulemera kwake, luso lake ndi mtundu wa mafunde a kwawo. Thabwa lopindikira kwambiri m'mwamba limakhota bwino pafunde lotsetsereka koma limachedwa popalasa. Lotambalala ndi lokhuthala limayandama bwino ndipo limayenera wophunzira. Kusiyana kwa kachala kamodzi m'lifupi wokwera waluso amakumva kumapazi. Masiku ano makina oyendetsedwa ndi kompyuta amadula maonekedwe oyamba, koma kusalaza kotsiriza amisiri ambiri amachitabe ndi manja.

Chisamaliro nacho sichidathe. Thabwa lamakono limaopa dzuwa, pakuti kutentha kumalekanitsa chikopa chake ndi thovu la m'kati. Likang'aluka pang'ono pokha liyenera kuumitsidwa ndi kumatidwa lisanalowenso m'madzi, chifukwa thovulo limamwa madzi, n'kulemera, n'kufooka. Pamwamba pake amapakapo phula kuti mapazi asaterereke, ndipo phulalo likada amalipala n'kupaka lina. Wokwera amene amatsuka thabwa lake ndi madzi abwino, nalilowetsa m'thumba lake, naliika pamthunzi, akuchita zomwe ankachita munthu wa ku Hawaii uja ndi mafuta a kukui ndi nsalu ya makungwa. Onsewa akudziwa kuti pakati pa mafunde aakulu, kutali ndi gombe, thabwa lothyoka likhoza kutayitsa moyo.

A Blake sadalemere ndi nzeru zawozi. Adachoka ku Hawaii m'zaka za m'ma 1950, nakhala moyo wosalira zambiri, osadya nyama, ndipo paukalamba adabwerera kwawo ku Wisconsin, kumene adamwalira mu 1994 ali ndi zaka 92. Mu 2021 masewera okwera mafunde adachitika koyamba pa Olimpiki ku Japan, ndipo mendulo yagolide ya amayi idapita kwa Carissa Moore, mwana wa ku Honolulu. Thabwa limene iye adakwera lidali lalifupi, lopepuka, la zipsepse pansi, losemedwa molingana ndi thupi lake. Mumzinda wa kwawo, m'nyumba ya Bishop Museum, matabwa a Mfumu Paki akusungidwabe.

Mawu a akulu akoma akagonera. Olo adagonera zaka makumimakumi pansi pa utoto, anthu namamuyesa chipika chopanda ntchito, mpaka adapezeka munthu wofatsa amene adalolera kumupala ndi kumumvetsa. Chida chakale chikatayidwa, nzeru za amene adachipanga zimatayika nacho limodzi; chikasungidwa bwino, wina wobwera m'mbuyo amadzaphunzirapo.