Mitundu ya maina m'Cingelezi

Inu amene mumakhala ku Samora Machel, mumzinda wa Tete, Cingelezi si cacilendo kwa inu. Madalaivala a magalimoto akuluakulu ocokera ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Zambia amadutsa pano tsiku ndi tsiku. Mukawoloka malire pa Zóbuè kapena pa Cuchamano, mapepala a tsidya linalo amalembedwa m'Cingelezi. Ngati mukufuna kuciphunzira, yambani ndi maina.

Dzina ndi mawu amene timaitanira munthu, malo kapena cinthu. M'Cingelezi dzina amati noun. Mukadziwa mtundu wa dzina, mwadziwa zinthu ziwiri: cilembo coyambira polemba, ndi mmene mungawerengere cinthuco.

1. Dzina lamwinimwini

Ili ndi dzina la munthu mmodzi, malo amodzi kapena cinthu cimodzi cokha. M'Cingelezi amati proper noun. Zitsanzo ndi Tete, Moatize, Zambezi ndi Samora Machel. Nthawi zonse limayamba ndi cilembo cacikulu, ngakhale likhale pakati pa ciganizo.

Apa cenjerani. M'Cipwitikizi timalemba segunda-feira ndi cilembo cacing'ono, koma m'Cingelezi tsiku lomwelo ndi Monday, M wamkulu. Pa pepala la pamalire, pomwe alemba kuti Nationality, inu mulembe Mozambican, M wamkulunso.

2. Dzina lopanda mwinimwini

Ili ndi dzina la zinthu zonse zamtundu umodzi. Amati common noun. Mtsinje ndi river, mlatho ndi bridge, msika ndi market. Limayamba ndi cilembo cacing'ono, kupatula likakhala koyambirira kwa ciganizo. Mtsinje uliwonse ndi river, koma Zambezi ndi umodzi basi.

3. Maina a zinthu zowerengeka

Izi ndi zinthu zimene munganene kuti cimodzi, ziwiri, zitatu. M'Cinyanja, zinthu zikaculuka dzina limasintha kumayambiriro: munthu, anthu, mtengo, mitengo. M'Cingelezi limasintha kumapeto, monga m'Cipwitikizi. Mungowonjezera s. Mbuzi imodzi ndi goat, mbuzi zambiri ndi goats. Botolo ndi bottle, mabotolo ndi bottles.

Koma pali ena osamvera lamuloli, ndipo awa n'ofunika kungoloweza: man, men, woman, women, child, children. Nsomba imodzi ndi fish, nsomba khumi ndi fish yomweyo.

4. Maina a zinthu zosawerengeka

Mpunga, shuga, mcere ndi ndalama m'Cingelezi ndi rice, sugar, salt ndi money. Maina awa salandira s. Simunganene kuti two rices pogulitsa mpunga. Muwerenge coyezera cake: two kilos of rice, ndiye kuti makilo awiri a mpunga.

Ngati muli ndi kageni, mvetserani bwino funso la wogula. How many ndi funso la zinthu zowerengeka, monga mabotolo angati. How much ndi funso la zosawerengeka, komanso ndi limene amafunsira mtengo. Dalaivala akati "How much?", akufuna mtengo, osati ciwerengero ca katundu wanu. Mukasokoneza mafunso awiriwa, malonda angakuphonyeni.

5. Dzina la unyinji

Ili ndi dzina limodzi loimira gulu. Amati collective noun. Banja ndi family, timu ya mpira ndi team, gulu la mbuzi kapena ng'ombe ndi herd.

6. Dzina la zinthu zosakhudzika

Pali zinthu zimene simungazigwire ndi manja, koma mumazidziwa mumtima. Cikondi ndi love, mtendere ndi peace, njala ndi hunger. Dzina lotere amati abstract noun, ndipo ambiri mwa maina awa salandira s.

Yeserani nokha

Tengani kope ndi pensulo. Lembani maina asanu a zinthu za panyumba panu m'Cinyanja, kenaka funsani mwana wa sukulu kapena mnzanu akuuzeni m'Cingelezi. Pa dzina lililonse dzifunseni mafunso awiri aja: kodi liyambe ndi cilembo cacikulu? Kodi lingalandire s? Mukalakwitsa musacite manyazi, fufutani n'kulembanso. Mawa onjezerani maina ena asanu.