Maselo a Müller, Alezi a Diso

Wodwala ng'ala akafika pachipatala cha Embangweni kapena cha boma ku Mzimba amakhala ndi chiyembekezo, poti opaleshoni imabweza kuona. Koma amene shuga wamuwonongera retina, kachikopa kopyapyala kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, madokotala amangoteteza chomwe chatsala. Zimenezi zimandiwawa mumtima, n'chifukwa chake ndimatsata nkhani ya maselo ena a m'kachikopako amene ananyozeka kwa nthawi yaitali.

Anayamba kuwafotokoza ndi Heinrich Müller wa ku Würzburg mu 1851. Iye anaona timinyewa toimirira kuchokera mbali ina ya retina kufika mbali inayo, ngati mizati ya nyumba. Mu 1856 Rudolf Virchow anatcha maselo a mtunduwu glia, poganiza kuti ntchito yawo n'kungomata minyewa pamodzi. Santiago Ramón y Cajal anawajambula mwaluso cha m'ma 1890, komabe ulemu wonse unkapita kwa maselo otumiza uthenga ku ubongo.

Kalulu anathandiza kwambiri kusintha maganizowa. Gawo lalikulu la retina yake lilibe mitsempha ya magazi. Mitsemphayo imangoyenda m'kamzere kopingasa kochokera pomwe mtsempha waukulu wa diso umatulukira. M'zaka za m'ma 1980 Jutta Schnitzer anaonetsa kuti glia ina, yotchedwa astrocytes, imakhala m'kamzere komweko basi. Kwina konse maselo a Müller amagwira ntchito yolera pafupifupi okha. Ku Leipzig, Andreas Reichenbach ndi anzake anawawerenga n'kuwayeza mmodzimmodzi: chapakati ndi aatali, oonda, othithikana, cham'mphepete ndi aafupi, onenepa, otalikirana. Ntchito yotopetsa imeneyi ndimailemekeza, chifukwa inaonetsa kuti kukula kwawo kumatsata katundu amene asenza. Amadyetsa maselo oona, amachotsa potassium ndi glutamate zikachuluka, amatulutsanso madzi. Pa matenda a shuga ntchitozi zimafooka msanga, retina n'kuyamba kutupa.

Mu 2007 gulu la ku Leipzig linapeza kuti maselowa amalondoleranso kuwala kupita kwa maselo oona. Kansomba kotchedwa zebrafish retina yake ikavulala, maselo a Müller amabala maselo atsopano, kansombako n'kuonanso. Mu 2017 gulu la Thomas Reh ku Seattle linakakamiza a mbewa kuchita zofananako. Koma maselo a Müller a munthu akadali kupanga chipsera pamalo ovulalawo.