Kapepala, Mita ndi Kompyuta: Momwe Mafoni a ku Pollokshields Akhala Akulembedwera

Pollokshields, dera la kummwera kwa mtsinje wa Clyde, linayamba kumangidwa cha m'ma 1849 pa malo a banja la Maxwell. Linali dera la amalonda olemera okhala m'nyumba zikuluzikulu zamiyala, ndipo mu 1891 linalowa mu mzinda wa Glasgow. Anthu otere ndiwo anali oyamba kufuna lamya m'nyumba, popeza maofesi awo anali kutsidya kwa mtsinje.

Lamya itangofika, panabuka funso la ndalama: waimba ndani, waimbira yani, wayankhula nthawi yaitali bwanji?

Poyamba yankho linali m'manja mwa maopaleta, atsikana olumikiza mafoni. Munthu akafuna kuyankhula ndi wa ku London, opaleta ankatenga kapepala, n'kulembapo nambala ya woimba, ya woimbiridwa ndi nthawi. Diso lake linali pa wotchi, chifukwa mafoni akutali ankalipiridwa pa mphindi zitatuzitatu. Zikatha, ankalowerera n'kufunsa ngati munthuyo akufuna kupitiriza. Timapepalato tinkamangidwa mitolo n'kupita kwa makalaliki owerengera ngongole. Kamodzi kakasowa, ndiye kuti ndalama yapita.

Ku Glasgow, eni ake a timapepalati anasinthasintha. Mu 1901 khonsolo ya mzindawu inatsegula mafoni akeake kuti ipikisane ndi National Telephone Company, koma mu 1906 inagulitsa zonse ku Post Office. Pa 1 Januwale 1912, Post Office inatenganso mafoni a kampani ija.

Makina odzilumikizira okha atabwera, cholembera chinalowedwa m'malo ndi mita. Nambala iliyonse inali ndi kamita kake, ndipo timamitato tinkandandalikidwa mizeremizere m'nyumba ya makina. Nthawi yolipiritsa ikakwana, wantchito ankabwera ndi kamera n'kutijambula, kenako ena ankachotsera chiwerengero chakale pa chatsopano. Mita inkangodziwa kuchuluka kwa mayunitsi. Bambo wodabwa ndi kukula kwa bilu sakanatha kudziwa kuti mwana uti anaimba kuti. Kuyambira mu Disembala 1958, pamene Mfumukazi Elizabeth inaimba yokha kuchokera ku Bristol kupita ku Edinburgh, ngakhale mafoni akutali anayamba kuwerengedwa ndi mita yomweyo.

Chizindikiro cha masiku amenewo chikadalipo. Manambala ambiri a mbali ya kumadzulo kwa Pollokshields amayamba ndi 427, zomwe pa lamya yozungulitsa ndi chala zinali zilembo IBR, kutanthauza Ibrox, dera loyandikana nalo. Nambala ya mzinda wonse, 041, inasanduka 0141 mu Epulo 1995.

Makina a digito a m'zaka za m'ma 1980 ndiwo anabweza zomwe opaleta ankachita: bilu yosonyeza foni iliyonse payokha. Ndipo mu 1999 Mark Spencer wa ku America anatulutsa Asterisk, pulogalamu yaulere yosandutsa kompyuta wamba kukhala makina olumikiza mafoni. Foni ikangodulidwa, pulogalamuyi imalemba mzere umodzi mu fayilo kapena mu database: woimba, woimbiridwa, nthawi yoyambira, masekondi oti alipiridwe, komanso ngati foniyo inayankhidwa kapena ayi. Mwini bizinesi yaing'ono mumsewu wa Albert Drive, momwe lero muli masitolo ambiri a mabanja ochokera ku Pakistan, angathe kuona pa kompyuta yake makasitomala angati anaimba osayankhidwa.

Amene anakula m'nthawi ya ma telefoni byuro ku Ndirande kapena ku Area 25 sangadabwe nazo. Mtsikana wa pa byuro anali ndi kope lolembalemba mizere ndi wotchi pambali, akulemba zomwezomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti kope likadzaza linkakulungidwira mtedza, pamene ku Britain lamulo la Investigatory Powers Act la 2016 limalola boma kulamula makampani a mafoni kusunga zolemba zoterezi mpaka miyezi 12.