Mchenga wotitimira ukanyowa

Mchenga wotitimira ndi dothi lomwe limakhala lolimba likauma, koma limaphwa mwadzidzidzi likanyowa litasenza chinthu cholemera monga nyumba kapena msewu. Timchenga take sitithinana. Pakati pake pamakhala mipata yambiri, ndipo chomwe chimatimata pokhudzana ndi kadongo pang'ono, dzimbiri kapena mchere. Kachinyezi kochepa kamathandizanso kutikokera pamodzi. Madzi akachuluka, dongolo limafewa, mchere umasungunuka, kukokana kuja kumatha, timchenga n'kugumukira m'mipatamo. Nthaka ikatsika chotero siibwereranso ngakhale itauma.

Kawirikawiri pamafunika zonse ziwiri, kulemera ndi madzi. N'chifukwa chake nyumba imatha zaka ili bwinobwino mpaka tsiku lomwe paipi yabooka pansi, kapena madzi a padenga ayamba kudikha m'mbali mwa khoma. Choopsa n'chakuti mbali yonyowayo imatsika yokha. Ming'alu imayambira pangodya za mawindo n'kumakwera mopingasa, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka.

Kum'mwera kwa Africa dothili n'lofala. Mchenga wa Kalahari, womwe wakuta mbali ya Botswana, Namibia, kumadzulo kwa Zimbabwe ndi kumadzulo kwa Zambia cha ku Mongu, uli ndi khalidweli m'malo ambiri. Chimodzimodzi mchenga wofiira wa Berea ku Durban, komanso dothi lochokera kumwala wa granite wofumbutuka pakati pa Johannesburg ndi Pretoria.

Akatswiri awiri a ku South Africa, J.E. Jennings ndi K. Knight, anafotokoza njira yoliyezera mu 1957, n'kuifupikitsa mu 1975. Kachidutswa ka dothi losasokonezedwa amakapanikiza ndi mphamvu yofika pa 200 kPa, n'kukamiza m'madzi maola 24. Kakaphwa mosapitirira 1 peresenti palibe vuto. Kupitirira 5 ndi vuto ndithu, ndipo kupitirira 10 n'lalikulu. Pamalo omangapo pali chizindikiro chosafuna makina: mukakumba dzenje n'kubwezeramo dothi lonse koma dzenjelo osadzaza, dziwani kuti munali mipata yambiri.

Pothana nalo, mainjiniya amafukula dothilo n'kulibwezera pang'onopang'ono akulinyowetsa ndi kulitsendera, kapena amathira konkire imodzi yochindikala yokhala ndi zitsulo pansi pa nyumba yonse. Nyumba zikuluzikulu amaziimika pamizati yofika pansi polimba. Koma chotchipa koposa, chomwe ambiri amachinyozera, ndi ngalande yabwino ndi kakhonde ka simenti kotsetsereka kozungulira nyumba. Musanathire maziko pamchenga wotere, yezetsani dothi lili lonyowa, chifukwa louma limanamiza.