Chimanga Nachonso Chidali Mlendo

Imodzi mwa nkhani zimene zimautsa mtsutso m'mabanja a ife Amalawi okhala ku Dubai ndi ya chakudya. Ena a ife timakhala kapena kugwira ntchito ku Al Quoz, dera la mafakitale, mosungira katundu ndi nyumba za antchito, lomwe lili pakati pa misewu ikuluikulu ya Sheikh Zayed ndi Al Khail. M'magolosale a m'derali, omwe ambiri amayendetsedwa ndi anthu ochokera ku India, mwadzaza zakudya zimene mayina ake sitidawamvepo kumudzi. Ufa woyera umene tidabwera nawo m'sutikesi ukatha, funso limabuka: kodi tikayamba kuphikira ana athu zachilendozi, sitikuwachotsa pa mwambo wa makolo? Yankho lake lili m'mbiri ya zakudya zomwe timazitcha zathu.

Kumudzi timati chimanga ndi moyo, ndipo mbewu yolimba ija yosafumbwa msanga timaitcha chimanga cha makolo. Komatu makolo athu akale ankadya nsima ya mapira, mawere ndi mchewere. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chidawoloka nyanja kudza ku Africa m'zombo za amalonda, makamaka Apwitikizi, kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Katswiri wa mbiri James McCann, m'buku lake la mu 2005 lotchedwa Maize and Grace, adafotokoza kuti dzina lakuti chimanga likusonyeza chinthu chochokera kugombe la nyanja yamchere. Padapita mibadwo kuti mlendoyu alande malo a mapira m'nkhokwe, ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa mapira ndi mchewere zikulimidwabe mpaka lero.

Chimanga sichidabwere chokha. Chinangwa chimene abale athu a ku Nkhata Bay amaphikira kondowole chidachokera ku South America. Mtedza, mbatata, maungu, matimati, nyemba ndi tsabola, zonsezi kwawo ndi kutsidya komweko. Choncho mbale ya nkhwani wotendera, imene timailakalaka tikakhala kutali, idayamba tsiku limene mayi wina wolimba mtima adathyola masamba a mbewu yachilendo, nasinja mtedza wachilendo, n'kuziphika monga ankaphikira masamba a kutchire. Dzina lake silidalembedwe paliponse, koma tonse timadya nzeru zake.

Njira ina imene zakudya zidadzera ikutikhudza kwambiri ife okhala kuno. Cha m'ma 1840, mfumu ya dziko la Oman, Seyyid Said, idasamutsira likulu lake ku Zanzibar, ndipo amalonda a Chiarabu ndi Chiswahili adalowerera mkati mwa Africa. Mmodzi wa iwo, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota nakhala Jumbe woyamba. Mbiri ya a Jumbe ndi yowawa, pakuti chuma chawo chidali minyanga ya njovu ndi akapolo, omwe ankawolotsedwa pa nyanja yathu kupita ku misika ya kugombe. Izi sitiyenera kuziiwala. Koma m'nyengo yomweyo ulimi wa mpunga udakula m'madambo a Nkhotakota, mpaka mpunga udasanduka chakudya cha paukwati ndi pa Khirisimasi. Dziko la Oman lachita malire ndi United Arab Emirates, motero mphika wathu udakumana ndi anthu a chigawo chino kalekale, ife tisanabadwe.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, amalonda a Chimwenye adatsegula masitolo ku Blantyre, Limbe, Zomba ndi m'maboma ena. Kudzera mwa iwo tidadziwa samusa, chapati ndi ufa wa curry wokometsera nyama. Nandolo amene amalimidwa kwambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe naye adachokera ku India zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo tsopano amabwerera kwawo ngati malonda: mu 2021 maboma a Malawi ndi India adagwirizana kuti India azilandira matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Nandolo wosenda ndi kuphwanya ndiye amene m'magolosale a ku Al Quoz amalembedwa kuti toor dal.

Sikuti chachilendo chilichonse chidalandiridwa ndi manja awiri ayi. Pa chilala cha mu 1992, m'dziko mwathu mudalowa chimanga chachikasu chochokera kunja. Anthu adachidya chifukwa njala ilibe manyazi, koma mvula itabwerera adabwerera ku ufa woyera. Lilime la munthu silikakamizidwa. Chakudya chimene chimakhazikika ndi chimene amayi achiyesa m'khitchini mwawo, mwakufuna kwawo, n'kuona kuti chikugwirizana ndi mthiko ndi chipande.

Tsono tikayang'anitsitsa m'mashelefu a ku Al Quoz, tipeza kuti alendo ambiri ndi abale athu amene angovala mayina ena. Ufa wolembedwa kuti ragi ndi wa mawere, womwe uja wa phala ndi thobwa. Jowar ndi mapira, bajra ndi mchewere. Masamba amene anthu a ku Kerala amawatcha cheera ndi bonongwe, ndipo kappa ndi chinangwa. Molokhia, ndiwo yokondedwa ku Egypt, ndi denje wathu. Bhindi kapena bamia ndi therere lobala, malunggay wa anthu a ku Philippines ndi chamwamba, ndipo tamarind ndi bwemba amene tinkatola tili ana. Kodi si zodabwitsa kuti mbewu zimene agogo a agogo athu ankadya chimanga chisanadze tikukazipeza m'chipululu, zitaikidwa m'mapaketi?

Zilipo zina zimene ndi zachilendo ndithu, ndipo apa ndi pamene mwambi uja wakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa ukugwira ntchito. Loomi ndi mandimu ouma, akuda, amene eni dziko lino amathira mu mpunga ndi nsomba. Mukaboola limodzi n'kuliponya mu msuzi wa nsomba, fungo la m'nyanja limachepa. Tahini ndi chiponde cha chitowe, ndipo akhoza kutendera masamba nsinjiro zikasowa. Chiponde cha m'botolo nacho chimatendera bwino, bola kuwerenga kaye kuti sadathiremo shuga. Tinsomba touma ta m'nyanja yamchere timalowa m'malo mwa usipa, koma tiyenera kuviikidwa m'madzi ofunda kuti mchere uchepe. Soda amagwira ntchito ya chidulo pa therere. Ufa wa chimanga choyera wochokera ku Kenya kapena ku South Africa umapezeka m'masitolo ena, ndipo ukasowa, ena amavundula nsima ya semolina, ufa wa tirigu wokhakhala, ngakhale kuti imakhala yomata kuposa yathu.

Choopsa chenicheni pa mabanja athu si loomi kapena semolina. Choopsa n'chakuti makolo tikaweruka mochedwa, titatopa, ana amazolowera chakudya chogula chophikaphika, aliyense kudya payekha maso ali pa foni. Mwana wotere adzafika kumudzi osadziwa kutema nsima, osadziwa kuti amayamba kusamba m'manja ndi akulu, ndipo agogo ake akadzamufunsa ngati akufuna chigwada kapena chisoso adzangoti kukamwa yasa.

N'chifukwa chake tikupempha makolo kuti popita kukagula zinthu tizitenga ana, ndipo chilichonse chimene tachizindikira tiziwauza dzina lake la Chichewa. Tiwaphunzitse kutendera, kuthira ufa pang'onopang'ono phala likamawira, ndi kuomola nsima. Kamodzi pa sabata, banja lonse likhale pansi kudyera pamodzi. Amene mwayesa chinthu chatsopano n'kukoma, musabise. Uzani anzanu tikakumana pa misonkhano ya bungwe lathu, kuti wobwera kumene asavutike monga adavutikira oyamba. Makolo athu adalandira chimanga kwa alendo nachisandutsa chathu, ndipo ife tili ndi ufulu womwewo pa zimene tazipeza kuno.