Belu Litaliranso

Sukulu za mishoni m'dziko muno zinayamba ngati midzi. Amishonale a ku Scotland atafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndiponso Akatolika ku Nzama mu 1901, ankamanga sukulu pafupi ndi tchalitchi ndi munda. Mwana ankaphunzira, kudya, kulima ndi kupemphera pamodzi ndi anzake. Umenewu ndi moyo womwe ndinaupeza pasekondale ya atsikana ya mpingo, yogonera konko, komwe ndaphunzitsa zaka zambiri. Ndi moyo womwewonso umene mliri wa Covid-19 unaugwedeza mpaka kumizu.

Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa. Apo n'kuti matendawa asanapezeke kuno, pakuti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. M'bindikiro wa masiku 21 womwe boma linakonza unaimitsidwa ndi Bwalo Lalikulu la Milandu pa 17 Epulo. Choncho misika inali yodzaza ngati kale, maminibasi ankayenda, koma ana anangokhala pakhomo. Maphunziro a pawailesi ndi pa intaneti analipo ndithu, koma mwana wa kumudzi kopanda magetsi akanawapeza bwanji?

A Sitandade 8 ndi a Fomu 4 anabwerera pa 7 Sepitembala, enawo pa 12 Okutobala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pakati, ndipo maukwati a ana pafupifupi 13,000 anachitika. Kwa ife, ziwerengerozi zinali mabedi opanda eni ake ndi mayina osayankhidwa poitana m'mawa.

Nawonso amene anabwerera sanali omwe aja. Anafika ndi masiki kukamwa, ena ataferedwa, ena makolo awo ntchito itawathera, fizi ikusowa. Pakhomo la kalasi iliyonse panali ndowa ndi sopo. Kwaya inaleka, mpira wamanja unaleka, makolo analetsedwa kudzazonda ana, ndipo chakudya ankalandira m'timagulu. Zonse zimene zinkachititsa sukulu kukhala mudzi zinasanduka zoopsa. Kenaka mu Novembala mayeso a MSCE anathetsedwa chifukwa chobedwa, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Mwezi womwewo mliri unabweranso ndi ukali: pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira, ndipo patapita masiku ochepa Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsekanso sukulu, nalamula kuti ana ogonera pasukulu asachoke kufikira atayezedwa. Usiku m'mahositelo munkamveka kulira. Mwana akangotsokomola, anzake ankamuthawa.

Koma mayeso aakulu a sukulu yathu anadza pamene atsikana amene anabereka anayamba kupempha malo awo. Ndondomeko ya boma yolola mtsikana kubwerera kusukulu akachira inakhazikitsidwa mu 1993, komabe pasukulu ya mpingo nkhaniyi inali yolemera. Aphunzitsi tinagawikana. Ena ankati mwambo ukafooka, mbiri ya sukulu yatha, ndipo ana otsalawo atengera. Ena tinkati anawa sitinawataye chifukwa cha mwano wawo. Zipata tinatseka ndife akuluakulu, iwo n'kukumana ndi njala ndi anthu owanyengerera kunjako. Amene anadula mlandu anali amayi a bungwe la mpingo. Iwo sanachulutse zonena: anayenda m'midzi, kukambirana ndi mafumu ndi makolo, kupeza agogo osunga makanda, ndi kusonkha ndalama za yunifolomu. Anatikumbutsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Si onse anabwerera. Ena ali pabanja mpaka lero, ndipo ndikakumana nawo pamsika amandipatsa moni maso ali pansi. Koma amene anabwerera anasintha sukulu. Tinasankha aphunzitsi oti mwana azitha kuwauza zakukhosi popanda kuopa chilango. Atsikana a Fomu 3 anapatsidwa ang'ono awo a Fomu 1 kuti aziwayang'anira. Katemera atafika mu Malichi 2021 ndipo malamulo atayamba kufewa pang'onopang'ono, kwaya inayambanso, ndipo ana omwe anali atakhala chete miyezi yambiri anayamba kutsegula pakamwa poimba asanayambe kuyankha m'kalasi.

Mu 2023, kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mu Malichi namondwe Freddy anatseketsanso sukulu m'chigawo cha kummwera. Nthawi imeneyi sitinadikire belu. Tinali ndi nambala za foni za makolo ndi mayina a midzi ya ana onse, ndipo amayi aja ananyamuka sabata yoyamba yomweyo kukaona ngati mwana aliyense ali bwino.